Injini ikuzima pakati pa nyanja popita ku Domwe, ndithandizeni Loweruka lisanafike

Wa boti labuluu, Chembe:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Injini yanga ya boti, ya mahatchi 40 ya two-stroke (yothira oyilo mu petulo), yayamba khalidwe loipa sabata ino. M'mawa ndikangokoka chingwe kamodzi yalira, pa idle ili bwinobwino, ikukodzanso bwino (ikutulutsa madzi oiziziritsa). Ku chilumba cha Thumbi ndikupita ndi kubwerako osamva kanthu. Koma ndikangolunjika ku chilumba cha Domwe kapena cha Mumbo, pakatha mphindi 15 kapena 20 ndili pa moto wonse, ikumayamba kutsamwa, mphamvu n'kutsika, kenako zii. Ndikadikira pang'ono n'kupopa bulb (kampira kopopera mafuta ka pa paipi) ikumalira, kuyenda mphindi zisanu, n'kuzimanso. Dzulo yandichita katatu ndili ndi banja la ku Blantyre, ana awiri m'boti, mayi awo atagwira thabwa la mpando ndi manja onse awiri, osayankhula mpaka kugombe. Sindikufuna kudzaonanso nkhope ngati ija.

Mapulagi ndasintha onse awiri. Kabuleta tinatsuka Lachiwiri. Oyilo ndikuthira monga mwa nthawi zonse, 500 ml pa thanki ya malita 25. Loweruka ndili ndi alendo 8 ochokera ku Lilongwe, dipoziti anatumiza kale ndipo ndagulira mafuta. Ndiyambire pati?

Madala a ku Msaka:
Petulo mwagula kuti? Yankhani chimenecho kaye musanamasule chilichonse. Ine injini ndinayamba kugwira inu muli kumbuyo kwa amayi anu, ndipo matenda amenewa ndi madzi m'mafuta. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Chigubu chikagona pagombe masiku angapo, usiku mame, masana dzuwa, pansi pake pamadikha madzi. Thirani pang'ono m'botolo loyera, muliike pamthunzi, mukalione pakatha ola limodzi. Mzere muuona nokha.

Makaniki wa ku Monkey Bay:
Achimwene, musathamangire kugula kanthu. Mwanena kale chinthu chachikulu: mukapopa ikumadzuka. Ndiye funso langa ndi ili, nthawi imene yazimayo, musanapope, bulb ikumakhala yotani?

Ikakhala yophwafuka ngati wina waiponda, ndiye kuti thanki sikupuma. Onani kasikulu ka mpweya pa chivundikiro, mwina kamangika kapena kadzaza mchenga, apo ayi sefa ya m'thanki yatsekeka. Ikakhala yofewa, yopanda kanthu mkati, paipi ikuyamwa mpweya penapake, kawirikawiri pa konekita, kapena kalabala ka mu pampu ya mafuta katha mphamvu. Koma ikakhala yolimba yodzaza, mafuta akufika, tisiye za mafuta tikayang'ane sipaki.

Mawa tengani mnyamata wanu yekha, muzizungulira pakati pa gombe ndi Thumbi pa moto wonse mpaka iyambe. Ikangoyamba kutsamwa, mnyamatayo amasule chivundikiro cha thanki pang'ono. Mukamva mpweya ukulowa injini n'kudzuka, mwaipeza. Ngati ayi, azipopa bulb injini ikuyenda. Ikapitiriza chifukwa cha kupopako, pampu kapena paipi.

Wa boti labuluu, Chembe:
Bulb sindinaiyang'anitsitse bwana, maso anali pa ana aja. Ndikuganiza inali yofewa koma sindingalumbire. Petulo wina ndi wa pa filing'i, wina ndinagula kwa anyamata a zigubu sabata yatha pamene pa filing'i panalibe.

Madala a ku Msaka:
Mwamva? Wa zigubu. Nkhani yatha pamenepo.

Makaniki wa ku Monkey Bay:
Madala, ulemu wanu, koma madzi amakhala pansi pa thanki, pomwe paipi imayamwira. Akanakhala madzi ikanavuta kulira m'mawa, sikanadikira mphindi 20.

Madala a ku Msaka:
Inu mumakonzera injini mu mgolo, pamtunda, mgolo sugwedezeka. Thanki m'boti imakhala yopendekeka, madzi amathawira kukona. Ku Thumbi nyanja ili bata, amangokhala phee pomwepo. Mukatuluka kupita ku Domwe mafunde n'kuyamba kumenya, amavunduka n'kulowa mu paipi. N'chifukwa chake ikuzima panja osati pafupi. Botolo basi, silifuna ndalama.

Kaputeni wa ku Senga Bay:
Nkhaniyi yandikumbutsa zimene sindifuna kukumbuka. Zaka zingapo zapitazo, mwezi wa June ngati uno, ndinanyamula alendo anayi kupita ku Maleri. Injini inali itandichenjeza kale kawiri sabata imeneyo, chimodzimodzi yanuyi, ine n'kumati bola ikulira ndikapopa. Pobwerera inazima, ndinapopa mpaka dzanja kuchita dzanzi, osalira. Mwera unali utayamba. Ndinaponya nangula, chingwe chonse chinatha osagunda pansi. Nkhafi inalipo imodzi yokha, yothyoka kumapeto. Boti linatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde, madzi n'kuyamba kulowa, mmodzi wa alendo akukapa ndi chigubu chodula, wina akusanza. Foni yanga inali m'thumba la kabudula, itanyowa kale.

Anatipulumutsa ndi asodzi a chilimira amene ankatuluka madzulo kukayala usipa. Anationa chifukwa mayi wina ankakupiza chitenje chofiira ataimirira, ine ndikumukuwira kuti akhale pansi. Anatikoka ndi chingwe chawo mpaka kugombe, usiku wawo wa ntchito n'kuonongeka.

Mawa lake titayang'ana, paipi inali ndi kamng'alu kakang'ono ngati podinda ndi chikhadabo, pansi penipeni pa kilampu, posaoneka. Kuipinda ndi pamene kanatsegula pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo m'boti mwanga mumakhala nkhafi ziwiri, paipi yapadera ndi bulb yake, chingwe chachitali, ndipo foni imakhala m'jumbo yomanga. Pindani paipi yanu yonse pang'onopang'ono, kuyambira ku thanki mpaka ku injini.

Mayi wa pa loji, Chembe:
Achimwene anga, ine za mabawuti sindizidziwa, koma alendo ndimawalandira ndi kuwaperekeza tsiku ndi tsiku. Ndikupemphani, musanyamule anthu 8 ndi injini imene simunaimvetse. Ngati pofika Lachisanu madzulo simunapeze chenicheni, perekani ulendowo kwa mnzanu, mugawane. Dipoziti ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene zingachitike. Ku Mumbo ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo pagombe pathu pano pamanamiza chifukwa mapiri amatitchinga ku mwera. Timaona nyanja ili myaa, koma kuseri kwa Domwe kuli zina.

Ndipo majekete muli nawo angati abwino? Sindikunena aja othothoka zingwe amene ena amakhalira ngati mapilo. Pa anthu 8 amenewo mwafunsa ngati pali ana? Jekete ya munthu wamkulu mwana imamuvuka m'madzi. Ngozi ikachitika pa boti limodzi, a Marine, oyang'anira za maboti panyanja, sabwerera inu nokha, amatiyang'ana tonse, ndipo alendo amasiya kubwera kwa tonse.

Wa ku Kachulu, Chilwa:
Kwathu kuno popita ku Chisi zoterezi zimakhala matope ndi udzu. Nyanja yathu ndi yosaya, timabowo tolowera madzi kumwendo kwa injini timatsekeka, injini n'kutentha n'kuzima, ikazizira n'kulira. Madzi atachepa mu 2018 tinapsereza injini zambiri chifukwa cha zomwezi, mpaka ena tinabwerera ku nsungwi yokankhira. Mwati ikukodza bwino, koma mwaiona ikukodza muli pa moto wonse kapena pa idle pokha? Impela (kalabala kamene kamapopa madzi oziziritsa injini) yotha mano imanamiza. Ikani dzanja pa madzi otulukawo, akhale ofunda chabe, osati ootcha.

Makaniki wa ku Monkey Bay:
Funso labwino limenelo. Onjezani ichi: ikazima, chingwe chikumakoka mopepuka ngati kale, kapena chikumalimba? Chikalimba musailizenso ngakhale kamodzi, ikufuna kugwira mapisitoni. Impela ngati yadutsa chaka osaiona, itsegulenibe, pagombe pathu pano mchenga umaidya msanga.

Madala a ku Msaka:
Mumasula injini yonse, mwendo pansi, pampu pansi, pomwe vuto lili m'chigubu. Khuthulani thanki, muitsuke, muiyanike, mugule petulo watsopano pa filing'i. Ndanena.

Mnyamata wa ku Nkhata Bay:
Madala mwina akunena zoona, koma yanga inali koyilo, imene imapereka sipaki ku pulagi. Ikazizira sipaki yabuluu yokongola, ikatentha palibe. Ndinataya miyezi iwiri ndikutsuka kabuleta yosalakwa. Ine ndinkaganizanso kuti kupopa ndi kumene kukuidzutsa, pomwe chimene chinkaidzutsa ndi mphindi zimene ndinkataya ndikupopazo, koyilo n'kuzizirako. Ndiye yesani tsiku lina osapopa, mungodikira. Ikalira yokha, si mafuta.

Koma chonde poyesa sipaki musatero muli ndi petulo wotayikira pansi m'boti. Kuno mnzathu anapsa mkono wonse, anazula pulagi thanki ili pambali pake chotsegula. Komanso samalani ndi makoyilo otchipa a mumsika, bokosi lokongola koma mwezi umodzi yafa.

Wa boti labuluu, Chembe:
Zikomo nonse. Chingwe sichikulimba ayi, chikukoka bwinobwino. Impela ndinasintha chaka chatha mvula isanayambe. Majekete ndili nawo 10, a ana awiri. Mawa m'mamawa ndiyesa za bulb ndi chivundikiro monga anenera bwana a ku Monkey Bay. Mayi ndamva, koma kupereka ulendo kukundivuta, mwezi uno ndangoyenda maulendo atatu okha ndipo fizi ya mwana ikundidikira.

Mayi wa pa loji, Chembe:
Ndikumvetsa achimwene, tonse mwezi uno watiuma. Ndiye bwerekani injini. Kapena uzani alendowo zoona, muwatengere ku Thumbi ndi ku Otter Point kokha, akaone mbuna, akaone nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba, adye nsomba yootcha, abwerere. Ambiri ochokera ku Lilongwe chimene amafuna ndi chimenecho. Pamenepo ngakhale itazima muli pamaso pa anthu.

Kaputeni wa ku Senga Bay:
Maulendo akuchepa chifukwa tikuphana tokha pa mitengo. Mlendo akangotsika galimoto anyamata amuzungulira, aliyense akutsitsa, mpaka mtengo wosakwana ndi mafuta omwe. Ndiye wotsitsayo ndalama ya paipi yatsopano aitenga kuti? Amamanga ndi mphira wa chubu n'kunyamula anthu. Ena sauza n'komwe alendo kuti zilumbazi zili mu paki ya Lake Malawi National Park ndipo pali ndalama yolowera. Pakiyi ilipo kuyambira 1980, si ya dzulo, koma mlendo amakadzidzimukira pamaso pa alonda, n'kumaona ngati tonse ndife akuba.

Mnyamata wa ku Nkhata Bay:
Zimenezo kuno n'chimodzimodzi. Tinayesa kugwirizana mtengo umodzi, sabata ziwiri sizinathe. Komanso inu a kum'mwera samalani ndi miyala. Chikwerereni madzi mu 2024 miyala ina imene tinkaiona inamira, ili pansi pang'ono chabe. Ine ndathyolapo pulopela pamalo amene ndadutsapo kuyambira ndili mwana.

Wa ku Kachulu, Chilwa:
Inu mukudandaula madzi ochuluka, ife timagona tikupemphera kuti asaphwe ngati mu 1995, pamene anthu ankapita ku Chisi wapansi maboti atagona pamatope.

Madala a ku Msaka:
Mwayamba za mitengo ndi miyala, mwana wa eni ake injini ikadali yodwala. Mwanawe, ngakhale upeze mng'alu pa paipi, dzifunse chimene chaumitsa paipiyo. Ndi petulo yemweyo. Ethanol amadya mphira. Usathirenso wa zigubu uja mu paipi yatsopano. Botolo lija wathira?

Makaniki wa ku Monkey Bay:
Pa mphira madala akunena zoona, mapaipi otchipa amauma n'kusweka mkati, tizidutswa n'kukatseka sefa. Koma tisasinthe zinthu zinayi tsiku limodzi, sitidzadziwa chimene chinali vuto, ndipo idzakuzimiraninso muli ndi anthu. Chimodzi, kuyesa, kenako china. Achimwene a boti labuluu, mwayenda bwanji m'mawa uno? Bulb inali yotani?

Mayi wa pa loji, Chembe:
Boti lawo sindikuliona pagombe chiyambire m'mawa. Amene ali nawo pafupi awauze amvetsere za nyengo pa wailesi madzulo ano. Mwera ukayamba mwezi uno umatha masiku angapo osaleka.

Kaputeni wa ku Senga Bay:
Kuno wayamba kale kuwomba, asodzi ambiri sanatuluke. Pakali pano, alipo amene ali ndi pulopela ya injini ya mahatchi 25 yogwiritsidwapo ntchito koma yosapindika? Ndikufuna ya mnzanga wa ku Namalenje, atha kudzatenga yekha ku Salima.