Ndipite naye msuweni wanga ku mpikisano wa masiku awiri, kapena ndifune wina?

Wanjinga wa ku Kapata

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munalowapo m'mipikisano yaitali ija yophatikiza kuthamanga, kupalasa njinga ndi kupalasa bwato, imene anthu amayenda usana ndi usiku akudzipezera okha njira pa mapu. Ine ndi msuweni wanga tinalembetsa ngati gulu la anthu awiri pa mpikisano wa masiku awiri umene udzachitikira kufupi ndi nyanja ku Malawi, ndipo kwatsala miyezi itatu. Iye pa phazi ndi katswiri, moti phiri la Kanjala amalikwera akucheza pamene ine ndikupumira m'mwamba, koma pa njinga mphamvu zimamuthera msanga.

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Chipata mbandakucha kulowera ku Katete mu Great East Road, ndipo titangopitirira pa Mtenguleni iye anayamba kutsalira. Ndinamudikira pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali, ndipo atafika, milomo itauma, ndinamuuza mosasankha mawu kuti akundichedwetsa. Sanandiyankhe, ndipo ulendo wonse wobwerera tinapalasa osalankhulana. Kodi ndifune mnzanga wina nthawi ikadalipo, kapena pali njira yoti anthu osiyana mphamvu ayendere limodzi?

Mkulu wa ku Moth

Mphwanga, ndikuyankhani mosabisa, chifukwa cholakwa chimene mwachitachi inenso ndinachichita pamene ndinkagwira ntchito ku South Africa. Masewerawa, kuyambira pa mpikisano wa Raid Gauloises umene unachitikira ku New Zealand mu 1989, anakonzedwa kuti gulu liziyenda pamodzi. M'mipikisano yambiri, kuphatikizapo Expedition Africa imene magulu a anthu anayi amayenda makilomita pafupifupi 500, lamulo ndi lakuti munthu asatalikirane ndi anzake kupitirira mamita 100, ndipo nthawi ya gulu amailemba pamene womaliza wafika. Choncho kudikira kwanu pansi pa mango kuja sikunakupindulireni kanthu, ndipo tsiku la mpikisano kukanakupatsitsani chilango. Mphamvu zimene munathera pothawa mnzanu zinayenera kupita kwa iye.

Kupereka mphamvu kumene ndikunena kuli ndi njira zake. Choyamba, chikwama chake chikhale pa msana panu. Chachiwiri, iye azipalasa kumbuyo kwenikweni kwa tayala lanu kuti mphepo izimenya inu. Chachitatu ndi chingwe: mumange chingwe chotamuka kuseri kwa chishalo chanu, ndipo malegeni amene anyamata a malasha amamangira matumba angathe kugwira ntchitoyi poyeserera. Wakumbuyo achikoleke pa chiwongolero mwanjira yoti angachimasule ndi dzanja limodzi. Chingwechi ndi cha pa chitunda ndi pa malo athyathyathya basi. Pa mtsetse muzichichotsa, chifukwa wina akagwa mumagwa nonse.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: pa mpikisano wa masiku awiri palibe amene amakhala wamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndinali wonyada pa njinga ngati inu. Usiku wachiwiri, cha m'ma 3 koloko, tikuyenda pansi m'phiri, tulo tinandigwira mpaka zitsa ndinkaziona ngati anthu okhala m'mbali mwa njira, ndipo ndinazipatsa moni. Mnzanga amene ndinamukalipira masana ndi amene anandilanda chikwama, nandigwiritsa lamba wa chikwama chake, nandikoka mpaka tinapeza malo ogona mphindi 20. Msuweni wanu wokwera Kanjala akucheza ndi amene mudzamufune pa ola limenelo.

Namwino wa ku Katete

Achimwene, ine ndagwira mawu amodzi m'nkhani yanu, akuti milomo inali itauma. Musanagamule kuti mnzanu ndi wofooka, mufunseni chimene anadya m'mawa umenewo ndi madzi amene anamwa. Thupi limasunga shuga wokwanira ntchito yolemetsa ya maola awiri okha kapena kucheperapo, ndipo akatha miyendo imangolemera mwadzidzidzi, munthu n'kukhala chete kapena kupsa mtima popanda chifukwa. Kuchokera ku Chipata kufika pa Mtenguleni ndi nthawi ngati imeneyo. Muzidya pang'ono pa theka lililonse la ola musanamve njala: nthochi, mbatata yophika, nshawa zokazinga zamchere, vitumbuwa. Muzikumbutsana, chifukwa wotopa ndi amene amaiwala kudya.

Madzi okhaokha ambiri pa ulendo wautali amachepetsa mchere m'magazi, ndipo zimenezi n'zoopsa. Botolo limodzi lizikhala la ORS, mankhwala obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, kapena musakanize nokha masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kusanza kapena kudzandira, mpikisano wathera pomwepo ndipo muitane okonza mpikisanowo. Mapazinso muwasamale: pamene payamba kutentha mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke, ndipo mukatuluka m'madzi muvale masokosi ouma.

Wa ku Mfuwe

Ndikugwirizana ndi akulu a ku Moth pa zambiri, koma ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa si gulu lililonse limene liyenera kupulumutsidwa. Kusiyana mphamvu chingwe chimakonza, koma kusiyana zolinga chingwe sichikonza. Ngati inu mukufuna kupambana pamene msuweni wanu akungofuna kufika kumapeto, mudzakangana pa chilichonse, kaya ndi kugona, kaya ndi kusiya chizindikiro china chimene chili kutali mwa zimene gulu liyenera kufikapo, ndipo mudzabwera kunyumba chibale chitasokonekera. Mukhale pansi musanayeserenso, aliyense anene chimene akufuna, ndipo mugwirizane amene adzagwira mapu. Wogwira mapu akhale mmodzi, winayo aziwerenga mtunda ndi nthawi. Pa mapu a 1:50,000 masentimita 2 ndi kilomita imodzi, ndipo popeza mipikisano yambiri imaletsa GPS, muphunzire kampasi yolozera njira usiku m'mapiri ozungulira Chipata, osati masana okha.

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti za kuyeserera bwato simunazitchule konse, pamene ife a kuno kum'mawa ndi pamene timagwera. Ndikukupemphani kuti musadzayesere mu Luangwa, chifukwa mvuu ndi ng'ona za mumtsinje umenewu ine ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mupemphe chilolezo pa damu, muvale jekete yoyandamitsa, ndipo muyesere kugudubuza bwato dala pa malo osaya kuti mudziwe kukweranso muli awiri. Wolemera kapena wodziwa kuwongola akhale kumbuyo, wakutsogolo apereke liwiro la nkhafi. Ngati n'kotheka, mupite ku Senga Bay ku Salima kamodzi mpikisano usanafike, chifukwa madzi a pa damu sangakuphunzitseni mafunde a mwera, mphepo ya kum'mwera imene imavuta m'miyezi yozizira. Mukadzabwerako mukapimitse likodzo ku chipatala.

Wanjinga wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonsenu. Dzulo madzulo ndinapita kwa msuweni wanga kukapepesa, ndipo tinacheza mpaka usiku. Amayi a ku Katete, munalasa: tsiku lija iye anangomwa tiyi, ndipo pamene mphamvu zinamuthera anachita manyazi kundiuza. Titayang'ana njinga yake tinapezanso kuti chishalo chinali chotsika kwambiri, moti mawondo ake sankawongoka popalasa, ndipo tachikweza. Pa za zolinga, iye wanena kuti akufuna tikamalize tonse awiri nthawi yoikidwa isanathe, ndipo ine ndavomera, ngakhale mtima wanga unali pa kupikisana ndi magulu akutsogolo. Mapu adzagwira ndi iye, chifukwa anakulira kumudzi ndipo amadziwa kuwerenga mapiri ndi madambo kuposa ine.

Loweruka likubwerali tidzayesa chingwe pa msewu wa ku Mwami, kumene kuli kufupi tikalephera. Akulu a ku Moth, chonde mundiuze utali woyenera wa chingwecho chisanatamuke, komanso mawu amene inu ndi mnzanu munkagwiritsa ntchito wakumbuyo akafuna kuchimasula.