Madisiki awiri kapena atatu pa seva ya pakhomo? Ndithandizeni

Wojambula_Chitakale

Moni nonse. Ine ndimajambula zithunzi ndi makanema a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mulanje, ndipo mafayilo achuluka moti timadisiki tanga tam'thumba tadzadza tonse. Pali kompyuta yakale ya Dell OptiPlex yomwe imangotola fumbi pakona, ndiye ndaganiza zoisandutsa seva, kompyuta yosungira mafayilo anga onse pamalo amodzi. Ndagula kale madisiki awiri a 4TB ku Limbe, ndipo ndalama ya yachitatu ipezeka mwezi wamawa anthu ena akamaliza kundilipira.

Funso langa ndi ili: ndiyambe ndi awiriwa pa RAID 1 (RAID ndi njira yomanga madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi), kapena ndidikire yachitatuyo ndipange RAID 5? Mnzanga akuti RAID 5 ndiye yanzeru poti ndipeza 8TB, pomwe RAID 1 ingondipatsa 4TB. Chomwe chimandisowetsa tulo n'choti tsiku lina amayi a mkwatibwi adzafike kudzafuna kanema wa mwana wawo, ine n'kuwauza kuti disiki inafa. Zimenezo kuno sangakumvere. Komanso magetsi amathima kawirikawiri, mwina zili ndi mbali yake.

MkonziWaLuchenza

Achimwene, masamu a mnzanuyo ndi olondola, koma ine sindingakulangizeni RAID 5. Pa RAID 1 chilichonse chimalembedwa pa madisiki onse awiri, imodzi ikafa inayo ili ndi zonse, ndipo mukhoza kuizula n'kukaiwerenga pa kompyuta ina ya Linux. Pa RAID 5 fayilo imagawidwa zidutswa pa madisiki atatuwo. Imodzi ikafa mumapulumuka ndithu, koma pomanganso yatsopano makina amayenera kuwerenga awiri otsalawo kuyambira poyamba mpaka pothera. Kwa 4TB imeneyo ndi ntchito ya maola asanu ndi awiri kapena kuposa, zinthu zikamayenda bwino. Yachiwiri ikafooka mkati mwa maola amenewo, zonse zapita. Ndiye onjezani nkhani ya magetsi: akathima makina ali mkati molemba, zidutswa zija zikhoza kusemphana inu osadziwa.

Ikani Linux ya mtundu wa Debian kapena OpenMediaVault pa kadisiki kakang'ono ka SSD payokha, kenako mumange madisiki awiriwo ndi mdadm, pulogalamu ya Linux yopangira RAID. RAID ya mu BIOS, yomwe imabwera ndi bolodi ya kompyuta, isiyeni, bolodi ikapsa mudzavutika kufunafuna yofanana nayo. Mukamaliza muzilemba cat /proc/mdstat nthawi ndi nthawi. Mukaona UU ndiye kuti onse ali moyo, mukaona U_ dziwani kuti imodzi yagwa. Anthu ambiri amayenda miyezi ndi disiki imodzi osazindikira, poti seva imangogwirabe ntchito ngati palibe chachitika.

Tsegulaninso OptiPlex yanuyo muone. Zina zopyapyala zija malo a disiki yaikulu ndi amodzi okha.

MayiWaBvumbwe

Zonse anena bambo a ku Luchenza ndi zoona, koma pali china chachikulu. RAID imakutetezani disiki ikafa, basi. Mukafufuta chikwatu cha ukwati mwangozi, chimafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Vairasi yotseka mafayilo ikalowa, chimodzimodzi. Mphenzi ikagwa pa waya, madisiki awiriwo ali pa pawa sapulayi imodzi, apsera limodzi. Wakuba naye sanyamula disiki imodzi n'kukusiyirani inayo.

Ifeyo a Thyolo ndi Mulanje tisaiwale msanga za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi ndi matope zikalowa m'nyumba, zoti munali ndi RAID yanji zilibe ntchito. Ine ndimasunga mabuku a kagulu kathu ka alimi a mkaka, ndipo lamulo lomwe ndimatsata ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Choncho disiki yachitatuyo musaiike mu seva. Igulireni kabokosi ka USB, muzikoperamo ndi pulogalamu ya rsync kumapeto kwa sabata, kenako izikagona kwa achibale omwe nyumba yawo ili pamtunda. Kusunga pa intaneti n'kwabwino kwa zikalata, koma makanema a ukwati bandulo yake ingakumalizeni.

Muziiika m'kabokosi kotseka bwino. Chinyontho cha nthawi ya chiperoni sichigwirizana ndi zipangizo zimenezi.

Sapitwa_Linux

Ine ndikadakhala inu ndikadaika ZFS, njira ina yomangira madisiki ndi kusunga mafayilo, osati mdadm. Madisiki awiri akasemphana pa fayilo ina, mdadm sidziwa kuti yolondola ndi iti. ZFS imasunga checksum (nambala yodziwira ngati chinthu chasintha) ya kachidutswa kalikonse, ndiye ikapeza kovunda imakakonza ndi kope labwinolo. Mumangoiuza kuti izipanga scrub, kutanthauza kuwerenga zonse kuti ione ngati zili bwino, kamodzi pamwezi. Ilinso ndi ma snapshot, osunga mafayilo momwe analili pa nthawi inayake, moti chikwatu chofufutidwa chomwe anena mayiwa mukhoza kuchibweza. TrueNAS, sisitimu ya seva yomwe imabwera kale ndi ZFS, imafuna RAM yosachepera 8GB, onani ngati muli nayo.

MkonziWaLuchenza

ZFS sindikuikana, kwa wojambula zithunzi ndi yabwinodi, bola achimwenewa akhale ndi mtima wowerenga. Koma kaya mdadm kaya ZFS, gulani UPS, batire yogwirizira makina magetsi akathima, musanagule china chilichonse. Isakhale yongolira pakona, ikhale ya chingwe cha USB kuti pulogalamu ya NUT izizimitsa seva mwadongosolo batire isanathe. Ya 650VA ikwanira, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa chabe.

Chinanso, tiuzeni manambala a madisiki anuwo. Pali mtundu wa SMR umene umachedwa kwambiri polemba zinthu zambiri motsatizana, ndipo pomanganso RAID umavuta. Mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena a 2TB mpaka 6TB ndi a mtundu umenewu, ndipo a mtundu wa CMR, omwe alibe vutoli, pano amalembedwa kuti Red Plus. Yendetsani smartctl -a, yoonetsa nambala ndi thanzi la disiki, pa disiki iliyonse, muonenso maola omwe yagwira ntchito. Zogula zotsegula kale zina zimakhala zitatumikira zaka.

Wojambula_Chitakale

Zikomo akuluakulu, mwanditsegula mutu. Ndatsegula kompyuta ija, ndi yaikulu ya tawala, malo alipo ndipo RAM ndi 8GB. Disiki imodzi ndi Seagate IronWolf, inayo ndi BarraCuda, nambala yake ST4000DM004. Maola ndi ochepa pa onse awiri. Kodi zikhoza kukhalira limodzi?

MkonziWaLuchenza

IronWolf ndi CMR, ilibe vuto. BarraCuda ya nambala imeneyo ndi SMR, ndiye iyo ikhale ya m'kabokosi ka USB yokagona kwa achibale monga anenera mayi a ku Bvumbwe, ntchito imeneyo iigwira bwinobwino. Mwezi wamawa mugule ya CMR ina ya 4TB yoti ikhale mnzake wa IronWolf. Pakadali pano koperani zonse pa madisiki awiri muli nawowo, ndipo timadisiki tam'thumba tija musatifufute mpaka seva itayenda.