Anapiye oikira mazira abuluu: kodi ndi oyenera mtengo wake?

Mayi Nachisale: Anzanga oweta nkhuku, ndikupempha maganizo anu. Pali munthu amene akugulitsa anapiye pa mtengo woposa katatu wa anapiye a Mikolongwe, ndipo akunena kuti ndi a mtundu wa Araucana, omwe akakula amaikira mazira abuluu. Akuti mazirawo ndi opatsa thanzi kuposa ofiirira amene tinawazolowera. Kodi ndigule, kapena ndalamayo ndingoonjezera misoti m'khola langa?

Bambo Mwale: Mayi, mtunduwo ulipodi, ndipo unachokera ku Chile, kumene anthu a mtundu wa Mapuche akhala akuuweta kuyambira kale. Koma mawu akuti mazirawo ndi opatsa thanzi kuposa ena ndi a malonda chabe. Maonekedwe a chigoba amachokera ku mtundu wa nkhuku, pamene ubwino wa zam'kati umadalira chakudya chimene thadzi likudya. Nkhuku yoyenda yokha, yotola tizilombo ndi masamba obiriwira, imaikira dzira lachikasu kwambiri m'kati, kaya chigoba chake ndi choyera, chofiirira kapena chabuluu.

Mayi Nangondo: Ndikugwirizana ndi a Mwale pa za thanzi, koma sindikuvomereza kuti nkhaniyi yathera pamenepo. Ife timaweta kuti tigulitse, ndipo wogula amayamba ndi maso. Kuno kwathu anthu anazolowera mazira ofiirira a nkhuku za mtundu wa Hy-Line ndi oyererako a nkhuku zachikuda, moti thireyi yosakaniza mitundu itatu ikhoza kukopa a malo ogona alendo ndi mabanja a m'tauni amene amakonda zachilendo. Ngati a Nachisale ali ndi ogula otere, mtengo wa anapiyewo ukhoza kubwerera.

Bambo Mwale: Zikhoza kutero m'tauni, mayi, koma pamsika wamba ndikukayika. Wogula wosadziwa akaona dzira labuluu amayamba wafunsa ngati silinaonongeke, ndipo wophika mandasi kapena wogulitsa mazira owiritsa padepoti amangowerengera kukula kwa dzira ndi mtengo wa thireyi. Tisaiwalenso kuti Araucana siiikira mazira ambiri ngati nkhuku za mazira zenizeni, zomwe zimafika mazira 300 pachaka zikamadyetsedwa bwino, chonsecho chakudya m'khola chimatha chimodzimodzi.

Bambo Chirwa: Ndiloleni ndifotokoze pang'ono m'mene mitunduyi imabwerera, chifukwa zithandiza kuzindikira ngati wogulitsayo akunena zoona. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo ambiri mwa maolawa, pafupifupi 20, limakhala m'chiwalo chimene chimapanga chigoba. Utoto wofiirira, umene akatswiri amautcha protoporphyrin, umapakidwa makamaka pamwamba m'maola otsiriza, n'chifukwa chake mukaswa dzira la Mikolongwe mupeza kuti m'kati mwa chigoba ndi moyera. Utoto wabuluu, wotchedwa biliverdin, umalowerera m'chigoba chonse, moti mukachotsa kakhungu kam'kati muona kuti ndi chabuluu mbali zonse ziwiri. Dzira lobiriwira limabwera pamene thadzi lili ndi utoto wa mitundu yonse iwiri, kufiirira kukaphimba pamwamba pa buluu. M'chaka cha 2013 ofufuza anapeza kuti ubuluuwu unayamba chifukwa cha kachilombo kena kamene kanalowa kalekale m'chibadwa cha nkhukuzi, ndipo zomwezo zinachitikanso padera ku nkhuku za Dongxiang ndi Lushi za ku China. Kachilomboko sikaika chiopsezo chilichonse kwa wodya dziralo.

Mayi Nachisale: Zikomo kwambiri, a Chirwa. Nanga ndingadziwe bwanji poyang'ana mwanapiye kuti adzaikira mazira abuluu?

Bambo Chirwa: Vuto lagona pamenepo, mayi, chifukwa simungatsimikize mpaka msotiwo utayamba kuikira, patatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi mukuudyetsa. Anapiye ambiri ogulitsidwa ndi dzina limeneli amakhala osakanizidwa ndi mitundu ina. Ubuluu ndi wamphamvu potengera kwa makolo, koma ngati thadzi linautenga kwa kholo limodzi lokha, n'kukweredwa ndi tambala wamba, pafupifupi theka la ana ake aakazi okha ndiwo adzaikira mazira amtunduwo. Ndiye poti m'gulu la anapiye osasankhidwa pafupifupi theka amakhala atambala, mwa anapiye khumi mukhoza kutsala ndi mathadzi awiri kapena atatu okha ochita zimene munalipirira. Araucana yeniyeni, ya nthenga zotuluka m'mbali mwa makutu, ilinso ndi vuto lake, pakuti mwanapiye amene watengera nthengazo kwa makolo onse awiri kawirikawiri amafera m'dzira.

Mayi Nangondo: Mfundo imeneyi yandibweza pang'ono. Komabe ndionjezere kuti ngakhale nkhuku zathu zomwezi zimasintha mtundu wa mazira. Mathadzi anga akamakalamba, kapena kutentha kwa mu Okutobala kukafika, mazira amatuwa, ena amabwera ndi timadontho. Akatuwa onse mwadzidzidzi, zigoba n'kukhala zopyapyala ndi zokhakhala, ndimaitana alangizi a ziweto msanga poopa chitopa. Choncho nkhuku zodulazo zisalowe m'khola musanaone za katemera, ndipo zikhale pazokha kwa masabata angapo.

Bambo Mwale: Ngati mtima wanu uli pomwepo, mayi, musagule anapiye. Pitani kukhola la wogulitsayo, muone mathadzi ndi tambala wake, mugule mazira abuluu ochepa amene mwawaona ndi maso anu, ndipo muwaike kwa thadzi lachikuda lofungatira. Pakatha masiku 21 mudzakhala ndi anapiye amene amayi awo mukuwadziwa, pa mtengo wotsika.

Mayi Nachisale: Ndamva, ndipo ndayamikira nonse. Ndimupempha wogulitsayo kuti andilole kuona khola lake Loweruka, ndipo akakana, ndalamayo ndigulira misoti ya Mikolongwe. A Nangondo, ngati a malo ogona alendo amene mwawatchula ndi oti mukuwadziwa, chonde muwafunse kuti angagule mathireyi angati pa sabata komanso pa mtengo wanji.