Kodi a Orton Chirwa anagwira ntchito yanji ngati loya wa boma?

Wofunsa: Akuluakulu, dzina la a Orton Chirwa timalimva kawirikawiri pokamba za anthu amene anafera m'ndende mu ulamuliro wa chipani chimodzi, koma za ntchito yawo ya zamalamulo sizikambidwa kwenikweni. Kodi anali ndi udindo wanji m'boma, ndipo zinatheka bwanji kuti loya wamkulu wa boma lomwelo adzaweruzidwe kuti anyongedwe?

Yankho loyamba: A Chirwa anabadwa mu 1919, ndipo atamaliza maphunziro a uloya ku London mu 1958 anakhala munthu wakuda woyamba kugwira ntchitoyi mu Nyasaland. Mu 1959, a Kamuzu Banda ali m'ndende ku Gwelo (Gweru ya ku Zimbabwe masiku ano), iwo ndi amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress, ndipo anasiyira a Banda utsogoleri atatulutsidwa mu 1960. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 anali nduna ya zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, koma mu Seputembala chaka chomwecho anachotsedwa pa udindo pa mkangano wa pakati pa a Banda ndi nduna zawo, n'kuthawira ku Tanzania.

Yankho lachiwiri: Achimwene, pa funso lanu lachiwiri yang'anani khoti limene linawazenga mlandu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Atagwidwa pa 24 Disembala 1981 pamodzi ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, mlandu woukira boma sunapite ku khoti lalikulu koma ku khoti la mafumu, limene kuyambira 1969 linapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu ya chilango cha imfa, ndiponso kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya womuimira. Choncho anthu awiri odziwa bwino malamulo anadziyankhira okha pamaso pa oweruza amene sanali omangidwa ndi malamulo a umboni a khoti lalikulu. Ine zimandipweteka kwambiri pokumbukira kuti a Chirwa omwewo ndi amene anagwira ntchito yokonzanso makhoti a m'madera ufulu usanabwere.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo. Nanga chilango chija chinachitikadi?

Yankho lachiwiri: Ayi. Anaweruzidwa mu 1983, koma mayiko ndi mabungwe akunja atadandaula, a Banda anasintha chilangocho mu 1984 kukhala ndende moyo wonse. A Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.