Mwana wa kukoleji: ndizimupatsa ndalama m'manja kapena pa foni?

Nabanda wa ku Mufakose:
Moni abale. Mtsikana wanga wayamba chaka choyamba ku University of Zimbabwe, koma akugonera kunyumba konkuno, ndiye amakwera makombi (maminibasi) awiri kuti akafike ku Mount Pleasant komwe kuli yunivesiteyo. Lolemba lililonse ndimamupatsa madola a ku America m'manja. Pano akuti anzake onse akulipira ndi khadi kapena EcoCash (ndalama za pa foni), ndimutsegulire akaunti. Ine mtima ukukana. Mu 2019 tidangodzuka n'kupeza madola athu a kubanki asanduka RTGS, ndalama ya ku Zimbabwe yomwe idagwa mtengo msanga, ndipo kuchokera pamenepo ndalama yomwe sindikuigwira ndi dzanja sindiikhulupirira. Anzanga amene muli ndi ana kukoleji, mukuchita bwanji?

Mwana wa pa Poly:
Mayi, ine ndimaphunzira pa Harare Polytechnic, ndikuuzeni momwe zikuyendera. Ya kombi musasiye kumupatsa m'manja, chifukwa kondakitala safuna kumva za khadi. Ndipo muzimusakira timadola tosintha kale. Chenji chikasowa amakuphatikiza ndi munthu wosamudziwa pa dola imodzi, mukatsika pa siteji ya Copacabana m'tauni muziona nokha mogawanira, kalasi ikuyamba uko. Koma zina zonse, chakudya chamasana, kupulinta manotsi, data, foni ndiyo imatipulumutsa. Dola ikangong'ambika pakona amayi ogulitsa sadza (nsima) amaikana, pomwe pa foni umalipira ndendende mtengo wake, osakupatsa masiwiti m'malo mwa chenji. Sipafunikanso foni yodula: nambala ya EcoCash ya *151# imagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani, popanda intaneti. Tsiku lina ndalama ikamuthera ali m'tauni madzulo, mumutumizira muli pakhomo.

Achimwene a ku Tafara:
Achemwali, mantha anuwo ndi oona, tonse tidapsa. ZiG, ndalama yatsopano ya Zimbabwe, idabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala chaka chomwecho inali itagwetsedwa kale mtengo. N'chifukwa chake ine mnyamata wanga ndimamuikira m'chikwama cha madola a ku America pa foni, ndipo ndimaika yongokwanira mwezi umodzi, osati kusungirapo chuma. Chomwe ana sawerengera ndi zodulidwa. Mu 2018 boma lidaika msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zoyenda pa makina, kuwonjezera apo banki nayo imadya yake mwezi ndi mwezi. Musanasaine chilichonse funsani ngati ali ndi akaunti ya ana asukulu, ndipo akuuzeni momveka kuti amadula zingati mwana akapereka khadi pa sitolo komanso akamatapa ndalama. Fizi yokha ine ndimalipira kudzera kubanki, risiti ndimasunga m'Baibulo.

Nachisale wa ku Mabvuku:
Langa ndi limodzi. Mumulangize kuti PIN sauza munthu, kaya ndi mnzake wa pachipinda kaya chibwenzi. Wanga adalandirapo uthenga wonena kuti wina wamutumizira ndalama molakwitsa, abweze msanga. Mwamwayi adayamba waona balansi, n'kupeza palibe chalowa. Ana ambiri amabweza asanaone, n'kulira pambuyo.

Nabanda wa ku Mufakose:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ya kombi ikhalabe ya m'manja, ya chakudya tiyesa pa foni mwezi uno tione. Achimwene a ku Tafara, potsegula akaunti ya mwana wasukuluyo amafuna chitupa chokha kapena ndi kalata ya kukoleji yomwe?