Mbumba ya ku Nkhotakota: kulemba mbiri pa chiliza cha agogo

Malume: Odi nonse. Pa chiliza cha agogo mu Ogasiti akuluakulu adzakhalapo onse, ndiye mbiri ya mbumba tidzailembe pomwepo. Tiyambire kuchikazi, poti kwathu mbumba imatsata mayi.

Mayi aakulu: Okalamba muzidzawafunsa mmodzimmodzi, kuseri kwa nyumba. Pagulu amangovomera zimene wanena wamkulu. Kujambula mawu pa foni kusapitirire mphindi 40, amatopa. Munthu aliyense mumufunse maina atatu: la ubwana, la kuchinamwali, ndi la ubatizo kapena la Chisilamu. Mukalemba limodzi lokha, munthu mmodzi adzaoneka ngati anthu awiri.

Achimwene a ku Zomba: Zoona, mayi. Komanso osafunsa kuti "munabadwa chaka chanji". Funsani kuti pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji, kapena ndani anagwidwa kukanyamula mtengatenga pa nkhondo ya 1914. Zaka tidzawerengera tokha.

Achemwali: Nanga za nthawi ya Jumbe tizipeza kuti, achimwene?

Achimwene a ku Zomba: Apo mpovuta. Ma Jumbe anali mafumu Achiswahili ochita malonda a akapolo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo ogwidwa ankawaolotsa nyanja pa zombo n'kuwayendetsa mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Amenewo maina awo sanalembedwe. Otsala kuno ankalima mpunga, ena anakwatiwa m'mabanja a eni ake n'kutenga mfunda wa pakhomopo. Choncho ukaona Phiri kapena Banda usafulumire kulumikiza magazi. Funso lothandiza ndi lakuti, "Mayi ake anachokera mudzi uti, malume ake anali ndani?" Pamene palibe malume wotchulidwa, ikani chizindikiro.

Malume: Mishoni ya Angilikani ya UMCA inatsegulidwa pano mu 1894, ndiye mabuku akale a ubatizo tikawafunse ku tchalitchi cha All Saints. Kalata kwa abambo mfumu ipite mwezi uno. Mukaloledwa, jambulani tsamba lonse ndi chikuto chomwe, osayatsa nyale ya foni, inki yakale imanyezimira. Muone mbali ya mboni, achibale amabisala mmenemo.

Achimwene a ku Zomba: Ku National Archives kuno, kosungira zikalata zakale za boma, ndikafufuza ndine. Mapepala a atsamunda amalemba Kota Kota. Ukafuna Nkhotakota ubwerako chimanjamanja.

Mayi aakulu: Ana anga, mawu oti kapolo amapweteka mpaka lero. Zimene agogo ena aulule za makolo awo zisaponyedwe pa gulu lino kapena pa Facebook. Mwini mbumba wa nyumbayo ayambe wamva, avomere, kenako tilembe.

Achemwali: Zamveka, mayi. Kumanda nako tipita?

Malume: Tikapempha kaye kwa amfumu, atipatse adzukulu otilondolera. Mitumbira yambiri ilibe zolemba, iwo ndiwo amadziwa amene anagona pati. Khomo lililonse lisonkhe K10,000 ya makope awiri achikuto cholimba, mafuta a njinga yamoto ndi kangachepe ka amfumu. Kope limodzi lidzakhala kumudzi, lina kwa achemwali anu. Ndalama zifike kwa iwo pasanafike pa 15 Julayi.