Ma like ndi ambiri koma wogula kamodzi sabweranso, ndikulakwitsa pati?

Membala wosadzitchula dzina: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndine mayi wogulitsa nsapato ndi zikwama za amayi ku Lilongwe kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Ndikaika zithunzi anthu amachita like, ena amafunsa mtengo, ochepa amagula. Koma amene wagula kamodzi sindimuonanso. Ndilipire boost (kulipira Facebook kuti ionetse zimene ndaika kwa anthu ambiri) kapena nditsegule gulu la WhatsApp la makasitomala?

Yankho loyamba: Mayi, boost ikhale kaye pambali. Ntchito yake ndi kukuitanirani anthu achilendo, pomwe inu akukuthawani ndi akale. Yambani ndi kope. Aliyense wogula mulembe dzina, nambala, chimene wagula, saizi, dera ndi tsiku. Mu WhatsApp Business muli ma label, zizindikiro zosanjira makasitomala, ndipo ndi aulere: pangani "wagula kamodzi", "wobwereza", kenako a saizi, 37, 38, 39 mpaka mmwamba. Pakatha masiku awiri kapena atatu mufunseni ngati nsapato yamukwana, osamutsatsa chilichonse tsiku limenelo. Katundu watsopano akafika, mtumizireni zithunzi ziwiri kapena zitatu za saizi yake yokha. Munthu wovala 41 mukamamudzazira foni ndi ma 36, amaleka kutsegula mauthenga anu.

Yankho lachiwiri: Gulu ayi, asisi. M'gulu aliyense amaona nambala za anzake, ndiye wogulitsa mnzanu angolowa n'kukolola makasitomala anu onse. Komanso mmodzi akadandaula, amva ndi onse. Gwiritsani ntchito broadcast list. Imatenga anthu 256, aliyense amalandira uthenga payekha, ndipo akayankha mumaona nokha. Msampha wake ndi uwu: uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Status nayonso amaiona ngati nonse awiri munasungana nambala. Ndiye pomupatsa katundu pomwepo muuzeni kuti, "Sungani nambalayi, katundu watsopano mudzayambe ndinu kuona." Broadcast ikhale kamodzi pa sabata, makamaka chakumapeto kwa mwezi anthu akalandira. Mukachulutsa, ena amakuchitani block kapena report, ndipo WhatsApp imatha kutseka nambala. Pa status zithunzi zisanu patsiku zakwana. Bando ndi ndalama, palibe amene angaonere zithunzi 40.

Yankho lachitatu: Ndaona ambiri amalemba "mtengo ku inbox". Wogula amaganiza kuti mtengo ukutengera nkhope yake. Lembani mtengo, ma saizi amene alipo ndi kumene angatengere katundu. Chithunzi chikhale chojambula nokha masana, osati chotapa pa intaneti. Chikwama chikafika chosiyana ndi chithunzi, munthuyo sakangana nanu, amangosowa.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo kwambiri nonse. Nanga kutsitsako mtengo kwa obwereza, kungathandize?

Yankho lachinayi: Werengerani kaye, mayi. Tinene kuti nsapato mwaoda K18,000 n'kugulitsa K25,000. Phindu ndi K7,000, musanachotse thiransipoti ndi bando. Mukachotsera 10 peresenti, yapita K2,500, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lija. Choipa kwambiri, kasitomala amazolowera, mtengo weniweni sadzaulipiranso. Mpatseni zimene sizikudyerani mpamba. Aone katundu maola angapo musanaike pa status. Msungireni chimene wasankha kwa tsiku limodzi. Akagula kachitatu, mumtumizire osalipiritsa wa kabaza, kapena muikepo banyira ngati polishi. Ndipo nenani poyera kuti saizi ikapanda kukwana angasinthe pasanathe masiku atatu, bola nsapato isanapondedwe panja. Ngongole yokha musayese n'komwe. Amene ali nanu ngongole sabwera, amakagula kwina chifukwa cha manyazi.

Yankho lachisanu: Ine ndisiyaneko pang'ono ndi akulu ayankha koyambawo. Boost si yoipa, koma muichitire pa tsamba la bizinesi, osati pa akaunti yanu ya dzina, yomwenso imathera pa anzanu 5,000. Mumalipira ndi khadi ya banki ngati Visa, ndipo ndalama imachoka ngati yakunja, choncho funsani kaye ku banki yanu ngati khadiyo ikuloledwa kulipira pa intaneti. Posankha anthu, ikani Lilongwe yokha, amayi okha ndi zaka za anthu amene ali m'kope lija. Batani la pa malondawo likhale lotsegula WhatsApp. Pakatha masiku asanu werengani anthu amene alemba uthenga ndi amene agula, ma like asiyeni. Koma anthu achilendo akachuluka, akathyali nawonso amalowa pomwepo. Musatumize katundu chifukwa cha screenshot kapena SMS yoti ndalama yalowa. Onani balansi nokha, *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba. Wina akakupemphani manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani, mukaneni, ndipo two-step verification (PIN yachinsinsi yotetezera WhatsApp yanu) muitsegule lero lomwe. Nambala imeneyo ikabedwa, ayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu.